Kachulu ka M'bokosi Lotseka

MUTU 6

1. Mapazi m'beseni

Kaphuma anadzuka ali wotopa ngati sanagone n'komwe. Dzina la mtsikanayu silinali la makolo ayi. Anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa cha phuma lake, poti ankayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa. Dzinalo linamukakamira mpaka ku yunivesite, moti ngakhale amayi ake omubereka anafika polizolowera.

Ankakhala awiriwiri ndi amayi akewo m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu ya matayala. M'mawa umenewo anawapeza atakhala pampando, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita nsalu za m'chipatala, choimirira tsiku lonse, ndipo miyendo inali itayamba kutupa.

"Amalume ako anaimbanso," anatero amayi.

"Ndamva, amayi."

"Wamva chiyani poti sindinanene? Khala pansi. Akuti malo aja a mu ofesi ya kampani ya mapaipi sangakusungire mpaka kalekale. Akufuna yankho lero, dzuwa lisanalowe. Ukakana, pali mwana wa mnzawo amene akudikirira pakhomo."

Kaphuma anakhala pamphepete pa bedi, nsapato imodzi ili m'manja.

"Mwana wanga," amayi anapitiriza, "ine za nyenyezi zakozo sindikukuletsa. Unati chaka chimodzi, ndinavomera. Chaka chitatha unati dikirani pang'ono, ndinadikira. Tsopano miyendo yanga ndi iyi, ukuiona wekha. Sindikufunsa zambiri ayi. Ndikungofuna kudziwa, chimene mukufunafunacho chilipo kapena palibe? Munthu wokumba chitsime akaona dothi lonyowa, mtima umakhala pansi. Nanga iwe waonapo chiyani? Ngati chilipo, khala komweko, ine ndilimba mtima. Koma ngati palibe, usathere zaka zako pachabe, ntchito ikukuitana."

"Sitinaone, amayi. Sitiloledwa kuona."

"Simuloledwa? Ntchito yanu yomwe?" Amayi anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wotopa. "Koma anthu ophunzira inu! Ine nsalu ndikachapa ndimaiyang'ana ngati yayera."

Kaphuma anawerama. Anamanga nsapato, n'kuwathirira madzi ena otentha m'besenimo, n'kuthamangira basi.

2. Timphekesera

Kuntchito kwake kunali kunja kwa tauni, kumene basi imathera. Kunali chimbale chachikulu chachitsulo choyang'ana kumwamba, ndi kanyumba ka zipinda zitatu pambali pake. Chimbalecho sichinkaona kuwala ayi. Chinkamvetsera mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi, ndiye chinkagwira ntchito ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo.

Chinkamvetsera nyenyezi ziwiri zimene zimazungulirana, ina kuthamangitsa inzake osaigwira. Imodzi mwa ziwirizo ndi yaing'ono koma yolemera zoopsa, ndipo maginito ake ndi amphamvu kuposa alionse a padziko pano.

Akatswiri ena amaganiza kuti m'mlengalenga mwadzaza tizinthu tating'onoting'ono, topepuka kwambiri. Palibe anationapo. Mwina tilipo, mwinanso kulibe. N'chifukwa chake anthu a m'kanyumbamo ankangotitchula kuti timphekesera. Koma masamu ankati ngati tilipodi, tikafika pafupi ndi maginito a nyenyezi ija, tina tingasanduke mafunde a wailesi. Zikatero, pamzere umene kompyuta imajambula posonyeza mphamvu ya mafunde pangatukuke kachulu kakang'ono. Ndipo popeza nyenyeziyo imabwera chakuno n'kubwereranso pozungulira inzake, kachuluko kayenera kumasendera uku ndi uku motsatira ulendowo.

Kunena n'kosavuta. Vuto linali phokoso. Mafoni, magalimoto, ngakhale makina a m'kanyumba momwemo, zonsezi zinkalowa m'chimbale. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali yosankha: ichi ndi phokoso titaye, ichi ndi cha kumwamba tisunge. Ntchito yake yotopetsa ngati kutola timiyala mumpunga, thumba likatha lina labwera.

Anthu analipo anayi. Mtsogoleri anali mphunzitsi wamkulu, mayi wa imvi amene onse ankawatchula kuti Mayi Dekhani, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Panali bambo wina wosamalira chimbale ndi mawaya, a Makina. Panalinso Chimtali, mnyamata wamkulu kwa Kaphuma, amene anayamba ntchitoyi iye asanabwere. Chimtali anali ndi mkazi ndi khanda kunyumba, ndipo mayeso ake omaliza a ku yunivesite ankadikirira zotsatira za ntchito yomweyi.

Gululi linali ndi mwambo wake. Mbali ya mzere imene kachulu kangaonekerepo inali yobisika. Kompyuta inkaiphimba, ndipo iwo ankaitcha bokosi. Bokosilo silinkayenera kutsegulidwa mpaka onse atagwirizana za phokoso loti litayidwe. Mawu achinsinsi otsegulira ankawadziwa awiri okha: Mayi Dekhani, ndi Kaphuma amene ankasamalira kompyuta yaikulu magetsi akazima.

3. Nkhanga zinapangana kusanapse

Pa nthawi ya tiyi anakhala m'chipinda chapakati. Fani inali itafa kalekale. Makina oziziritsa mpweya analipo amodzi okha, m'chipinda cha makompyuta, ndipo Chimtali ankakonda kunena kuti pamalopo mabwana ndi makompyuta, anthu ndi alendo.

"Mwana sanandigonetse," anatero Chimtali akuyasamula. "Akulira ngati akudziwa kuti bambo ake akufunafuna zinthu zoti kulibe."

"Watengera ine," anayankha a Makina. "Inenso ndimalira ndikakuona."

Mayi Dekhani anaika kapu pansi. "Masana ano tikhala pamodzi. Yatsala nkhani imodzi, ya masiku otentha aja. Tikaimaliza, bokosi tidzatsegula mwezi wa mawa."

Masiku otentha anali nyengo ina ya chaka chatha pamene choziziritsira cha chimbale chinkavuta. Zimene anamva nthawi imeneyo zinali ndi phokoso lambiri. Ena ankati zitayidwe, ena ankati zisungidwe.

"Mayi," anatero Kaphuma, "mwezi wa mawa ndi kutali. Sitingangosuzumira pang'ono? Kungoona chabe, osakhudza kanthu?"

Chimtali anaseka. "Wayambapo uyu."

Koma Mayi Dekhani sanaseke. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Dekha, mwana wanga. Funso limeneli aliyense amene anagwirapo ntchito ngati ino analifunsapo, ndiye sindikukudzudzula. Koma undimvetse. Sitinatseke bokosi poopa akuba. Tinalitseka podziopa tokha. Tonse muno tikufuna kuti kachulu kapezeke. Ine ndikufuna, Chimtali akufuna, iwenso ukufuna. Munthu wofuna chinthu, akangoona kumene chili, dzanja lake limayamba kukondera iye osadziwa. Phokoso lokweza kachulu amati tisunge. Phokoso lokatsitsa amati titaye. Ndipo sanama ayi, amakhulupiriradi kuti akuchita chilungamo.

"Ndili mtsikana ndinaona gulu lina la anthu anzeru kuposa ife. Anasuzumira. Kenako anayamba kudula apa, kusiya apo, mpaka kachulu kanakula. Analengeza, anthu anawaombera m'manja. Ena atabwereza ntchitoyo sanapeze kanthu. Kachulu kaja anachita kukaumba okha ndi manja awo. Kuchokera pamenepo, ngakhale ankanena zoona, panalibenso wowamvera.

"N'chifukwa chake timapanganiratu tisanaone. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo dziwa ichi: mmodzi akaona, tonse taona, chifukwa mawu ake ali m'chisankho chathu. Diso silibweza zimene laona. Madzi akatayika saoleka."

"Ndamva, mayi," anatero Kaphuma.

"Wamvadi, kapena wangoyankha?"

"Ndamva."

4. Masana

Nthawi ya chakudya cha masana itakwana, Mayi Dekhani anatuluka kukaonana ndi alendo pageti. A Makina anakwera pachimbale ndi sipanala yawo. Chimtali anagoneka mutu patebulo, posakhalitsa mkonono unayamba.

Kaphuma analowa m'chipinda cha makompyuta. Munali kazizi kabwino. Foni yake inanjenjemera m'thumba. Anali amalume.

"Mphwanga, ndiye bwanji? Abwana andifunsa kawiri konse. Ine ndaika nkhope yanga pamenepa, usandichititse manyazi. Ntchito siigwa ngati mvula. Anzako akuyenda ndi mapepala m'manja mpaka nsapato kutha. Amayi ako ndi mlongo wanga, ndikuwaona mmene akuyendera masiku ano. Nyenyezi zidzakhalapo ngakhale iwe utakalamba, koma miyendo ya mayi ako siidikira."

"Ndikuimbirani posachedwa, amalume."

Anaika foni patebulo. Anayang'ana pakhomo. Mkonono wa Chimtali unkamveka bwinobwino.

Abale inu, kutopa n'koipa. Munthu wotopa amafuna njira yachidule ngakhale akudziwa kuti ili ndi minga. Kaphuma anadziuza kuti sakhudza kanthu, angofuna yankho loti apatse amayi ake. Analemba mawu achinsinsi aja. Anaphonya koyamba, koma kachiwiri bokosi linatseguka.

Mzere unaoneka wonse, wamanyirimanyiri ngati mano a sowo. Ndipo chapakati, pang'ono kumanja, panali potukuka. Kachulu! Kakang'ono ndithu, koti munthu wosadziwa sangakaone, koma kanalipo.

Anagwira pakamwa. Misozi inalengeza m'maso. Zaka zonse zija za basi ya m'mawa, za kutola timiyala, za mapazi m'beseni, sizinapite pachabe!

Akanatseka pomwepo, mwina zikanachepa. Koma phuma ndi phuma. Anafuna kuona ngati kachuluko n'kolimba. Anachotsa masiku otentha aja. Kachulu kanaphwa, mzere unangoti see. Anawabwezera, kanatukukanso. Anachotsanso, kanasowa.

Zimenezi zinali ndi matanthauzo awiri, ndipo iye ankawadziwa onse. Mwina kachuluko kanali ka timphekesera, kongofuna masiku ambiri kuti kaoneke. Mwinanso kanali phokoso chabe la choziziritsira chovuta chija. Panalibe nthawi yoona ngati kakusendera uku ndi uku. Pageti panamveka galimoto ya alendo ikunyamuka.

Anatseka bokosi msangamsanga. Pa matanthauzo awiri aja anasankha lokoma, n'kutenga foni.

"Amalume, zikomo kwambiri, koma malowo apatseni ena. Ine nditsala kuno."

"Waganiza bwino?"

"Ndaganiza bwino."

Amalume anapuma mozama. "Chabwino. Koma usadzabwere kwa ine ukulira." Foni inaduka.

Kenako analembera amayi ake uthenga waufupi: Amayi, dothi lanyowa.

5. Masiku otentha

Anakhalanso m'chipinda chapakati, mawindo onse ali pululu koma mphepo osalowa. Mayi Dekhani anafunsa aliyense maganizo ake.

"Titaye," anatero Chimtali akutikita m'maso. "Zikundipweteka, poti masiku amenewo ndinapsa nawo ndine. Koma phokoso lake n'losadalirika."

"Ine ndikuti tisunge," anatero a Makina. "Choziziritsira chinkavuta, inde, koma sichinafe chonse. Tikamataya chilichonse chokhala ndi kachilema, titsala ndi chiyani?"

"Mmodzi uku, mmodzi uku," anatero Mayi Dekhani. "Ine ndinena pomaliza. Kaphuma, iwe ndi amene unayeza phokoso limeneli. Sabata yatha unkati titaye. Ukadali pomwepo?"

Kaphuma anayang'ana patebulo.

"Ndasintha maganizo, mayi. Tisunge."

Chimtali anadzuka bwinobwino. "Iwe? Si iwe unandijambulira pabolodi apa kuti phokoso lake ndi loipa? Choko chake sichinafufutike n'komwe, taona."

"Ndaganizanso."

"Waganizanso liti? M'mawa uno pa tiyi sunanene."

"Munthu saloledwa kusintha?"

"Amaloledwa," anatero Mayi Dekhani mofatsa. "Koma muno timasintha ndi chifukwa. Tiuze chifukwa chako, mwina utiphunzitsa."

Kaphuma anayamba kufotokoza. Anati masikuwo ndi ambiri, kuwataya n'kuwononga. Chimtali anati zimenezo ankazidziwa sabata yathanso. Anati phokosolo likhoza kukonzedwa. Chimtali anati iye mwini anayesa n'kulephera. Chifukwa chilichonse chimene ankatulutsa, Chimtali ankachigwetsa, osati mwankhanza, koma mwa ulesi wa munthu wofuna kuweruka.

"Tisatayepo nthawi," anatero Chimtali pomaliza. "Mayi, ine ndikuona kuti titaye basi. Palibe chimene tiluze."

"Palibe chimene tiluze?" Kaphuma anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo. "Mukataya masiku amenewo kachulu konse kachoka!"

Kunja chimbale chinkalira pang'onopang'ono potembenuka kutsatira nyenyezi zake.

Mayi Dekhani anavula magalasi. Ulendo uno sanawapukute.

"Kachulu kati, mwana wanga?"

A Makina anaweramitsa mutu. Chimtali ankangomuyang'ana, tulo tonse titabalalika.

"Ndinatsegula," anatero Kaphuma ndi mawu otsika. "Masana ano. Ndimafuna kungoona."

6. Madzi otayika

Palibe anakuwa. Bola akanakuwa.

"Ndiye kuti tsopano tonse tikudziwa," anatero Mayi Dekhani. "Tikudziwa kuti kachulu kalipo, tikudziwanso kuti kakudalira masiku otentha. Tikasunga masikuwo, anthu adzati tinasunga pofuna kachulu. Tikataya, adzati tinataya poopa kunenedwa. Kulikonse kumene tingapite, chisankho si choyeranso. Ngati kachuluko ndi koona, mwana wanga, wakalanda mphamvu ndi iwe. Ngati ndi kabodza, watitsekera njira yabwino yodziwira."

"Sitingangokhala chete?" anafunsa a Makina chapansipansi. "Tili anayi okha muno."

"Tili anayi, ndipo tonse anayi tikudziwa. Ine sindidzalemba dzina langa pansi pa bodza. Tidzanena poyera kuti bokosi linatsegulidwa nthawi isanakwane. Kenako tidzayamba kumvetsera mwatsopano, ndi bokosi latsopano."

"Mwatsopano," anabwereza Chimtali. "Mpaka liti, mayi?"

"Chaka. Mwina kuposerapo."

Chimtali anaseka pang'ono, kuseka kowawa. Anatembenukira kwa Kaphuma.

"Dzulo ndinauza mkazi wanga kuti apirire mwezi umodzi wokha. Ndinamulonjeza, mwana ali kumsana. Ndiye undiuze, mlongo wanga, lero ndikanene chiyani?"

"Pepa, Chimtali. Amayi anga akudwala miyendo, amalume amafuna yankho lero, ndiye ine..."

"Tonse tili ndi kwathu," anatero Chimtali. Anatola chikwama chake n'kutuluka, chitseko osachimenyetsa n'komwe.

A Makina anadzutsa mpando unagwa uja n'kuukankhira pansi pa tebulo. Nawonso anatuluka.

Mayi Dekhani anaima pawindo nthawi yaitali. Ankaoneka okalamba kuposa m'mawa.

"Ukanandiuza za amayi ako," anatero osatembenuka. "Ndikanayankhula ndi amalume akowo, kapena tikanaona pochita. Pakamwa unali napo. Koma unasankha zala. Mawu achinsinsi ndisintha lero lomwe. Mawa m'mawa gulu likhalanso pansi, ndipo nkhani yake sidzakhala ya masiku otentha. Idzakhala ya iwe, ngati utsale nafe kapena ayi. Ine ndili ndi mawu amodzi okha. A Makina ali ndi awo. Achitatu ndi a Chimtali."

Kaphuma anatuluka dzuwa litapendeka. Ali pamalo okwerera basi anaimbira amalume. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, ndipo anayankha mwachidule kuti malo aja mwana wa mnzawo watenga kale, ayamba mawa.

M'basi anthu anali thithithi. Anaima njira yonse atagwira chitsulo, mutu ukuwawa. Atatsika anayenda pang'onopang'ono, iye amene sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Anadutsa shopu ya matayala, n'kukhota kuseri.

Chitseko chinali chotsegula. Amayi anali atabwera kale kuntchito. Anayala nsalu yoyera patebulo, ija ankasungira alendo, n'kutulutsa makapu awiri a maluwa. Beseni linali pakona, louma. Anali ataimirira pamiyendo yotupa ija, nkhope ikuwala, foni ili m'manja.

"Wafika, mwana wanga! Uthenga wako ndauwerenga mpaka anzanga kuntchito atopa nane. Ndawauza onse. Lowa, khala apa, undiuze bwinobwino. Mwapeza chiyani?"

Kaphuma anaima pakhomo, chikwama chili paphewa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, funso linatha kufunsidwa iye alibe yankho.